Mukafika mu Joni, funsani wopukwa kumene amadya

Pa Sharpevale pathu pano pali kasewero kamene timaonera ulere pafupifupi tsiku lililonse. Galimoto yochokera ku Salima kapena ku Balaka ikaima m'mbali mwa msewu wa M5, anthu n'kutsika akudziwongola, ife okhala pakhonde la sitolo timayamba kubetcherana kuti alowera pati. Kawirikawiri mlendo amathamangira pamene pali penti yowala ndi chikwangwani cholembedwa bwino. Ife n'kumangoyang'anana, chifukwa tikudziwa kuti mbuzi yabwino ili kuseri, pachiwaya cha bambo wina wopanda chikwangwani, amene ikamakwana 2 koloko masana nyama yake imakhala itatha kale. Madalaivala a mathiraki amadziwa. Makondakitala amadziwa. Mlendo wa foni yodula m'manja sadziwa, ndipo safunsa.

Ndaseka anthu otere kwa zaka zambiri. Chaka chino wosekedwa ndidali ine.

Mwezi wathawu ndidalonjeza kuti ndikusimbirani za ulendo wanga wa ku Joni. Za pamsewu ndingodutsa msanga, poti ambiri mwa inu muli ndi m'bale amene adakuuzani kale: minibasi mpaka mu Blantyre, basi yaikulu pa Wenela, chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wautali wa pa Beitbridge umene umakuphunzitsa kupemphera. Patatha masiku awiri ndidatsikira pa Park Station miyendo itatupa, kumsana chikwama, m'manja thumba la ufa woyera ndi ndowa ya usipa zimene mayi adandisenzetsa. Pasipoti ya Malawi amakudindira masiku 30. Ine ndidali ndi masabata atatu okha, ndipo ndidali nditalumbira mumtima kuti sindikathera onsewo ndikudya zomwe ndimadya kwathu.

Agogo anga aamuna adapitako ku Joni pa nthawi ya Wenela, Kamuzu asanaletse maulendo aja mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Ukawafunsa za chakudya cha kumeneko ankangoti nsima, nyemba, mahewu, ndi kuima pamzere mbale ili m'manja. Adakhala zaka mumzinda umene udayamba mu 1886 ndi anthu ochokera mbali zonse za dziko odzafuna golide, koma lilime lawo silidatuluke mumpanda wa komponi. Iwo sadali ndi ufulu wosankha. Ife tili nawo.

Achimwene anga akhala ku Joni zaka 7. Ndi telala, amasoka mushopu ya mmwenye ku Fordsburg, ndipo amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Turffontein, chakumwera kwa mzinda. Masiku atatu oyamba alamu adandisamala ngati mwana wobadwa kumene: nsima ya ufa wa mayi, usipa wofutsa, mpiru wotendera. Tsiku lachinayi ndidati, "Achimwene, kodi mumzinda wonse uno mulibe kwina kodyera? Ndimamva kuti muli Asomali, a ku Ethiopia, a ku Congo, Matchaina."

Adandiyang'ana ngati ndapempha ngongole. "Iwe, kwa eni kulibe mkuwe. Ife kuno tidabwerera ntchito. Zakudya za anthu sudziwa athiramo chiyani. Ndipo m'tauni umo foni yakoyo sutuluka nayo."

Sindidawatsutse. Munthu amene adaona chipwirikiti cha mu Seputembala 2019, masitolo a anthu obwera akuthyoledwa ndi kutenthedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ali ndi chifukwa chokhalira ndi mantha. Njira yawo ndi imodzi: kunyumba, takisi, kushopu, takisi, kunyumba. Lamulungu kutchalitchi cha Amalawi anzawo. Koma ine ndidali mlendo wa masabata atatu, ndipo mlendo ndi mame. Ndidati ndiyesa ndekha.

Ndiye ndidachita zomwe inu nonse mukadachita. Ndidatsegula mapu a pafoni, n'kulemba kuti ndikufuna malo odyera zakudya za chi Africa, n'kusankha amene adali ndi nyenyezi zambiri. Adali kumpoto kwa mzinda, kumene misewu ili ndi mitengo ndipo mipanda ili ndi mawaya a magetsi. Ndidafika. Pakhomo ng'oma, pakhoma zikopa ndi mikondo, atsikana operekera zakudya atapakidwa timadontho toyera kumaso. Pamatebulo padali alendo ochokera kunja atanyamula makamera. Munthu wakuda wokhala pampando ndidali ine ndekha, ena onse adali pantchito. Ndidaitanitsa nyama ya mphodza ndi chimene iwo adachitcha pap. Kadabwera kamtanda kamodzi kozungulira ngati dzira la nkhanga, pambali atayika tsamba lokongoletsera. Kukoma kudalipo, ndisaname. Koma bilu itabwera, kuphatikizapo ya woperekera uja imene kumeneko ndi mwambo kuwonjezera 10 peresenti, ndidawerengera m'makwacha ndipo ndidaona thumba la feteleza likundibayibitsa. Ndidabwerera ku Turffontein ndi njala, n'kukadya mkute wa alamu mwakachetechete.

Usiku umenewo ndidagona ndikuganiza za nyenyezi zija. Amazipereka ndani? Ndi anthu amene ali ndi nthawi ndi bandulo yolembera ndemanga, amene amayamikira poimika galimoto, nyimbo ndi chimbudzi chonunkhira. Mnyamata wa ku Somalia amene wagwira ntchito kuyambira 6 koloko m'mawa, akadya mpunga wofanana ndi wa amayi ake, salemba kanthu. Amangobweranso mawa. Foni idandichita zomwe penti yowala imachita kwa alendo a pa Sharpevale.

Amene adandiwombola ndi mwini kagolosale ka pakona, kumene alamu ankandituma buledi ndi mayunitsi. Timagolosale totere kumeneko amati spaza, ndipo tambiri timayendetsedwa ndi anthu a ku Ethiopia, Somalia ndi Bangladesh. Uyu adali wa ku Ethiopia, ankagulitsira pakawindo ka zitsulo. Poyamba ndidafunsa molakwika. Ndidati, "Kodi malo abwino odyera zakudya za kwanu ali kuti?" Adandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kutchula malo ena apamwamba kumpoto komwe kuja. Ankandiona ngati mlendo, ndiye adandipatsa yankho la alendo. Mawa lake ndidasintha funso. Ndidati, "Mchimwene, iweyo ukapukwa kwanu, mtima ukamafuna chakudya cha amayi ako, umakadya kuti?"

Adasiya kuwerenga ndalama. Adaseka, n'kung'amba kachikatoni ka sopo, n'kujambulapo njira. "Pita ku Jeppe. Ukalowe nyumba iyi, usaime pansi, ukwere masitepe. Ukamva fungo la khofi wafika. Upite masana, madzulo amatseka."

Msewu umene aliyense amautchulabe kuti Jeppe, pamapu udasinthidwa dzina kukhala Rahima Moosa. Mukalemba dzina lakale pofunsa dalaivala wa takisi akumvani, koma pafoni yang'anani latsopanolo. Chigawo china cha msewuwu anthu amachitcha Little Addis. Ndi nyumba zosanja zakale, zina zidali maofesi a madokotala, lero zidagawidwagawidwa kukhala timashopu tating'onoting'ono togulitsa nsapato, majini, makatani ndi zikwama. Amalawi ambiri a geni amapikula katundu pomwepo, ndipo mwina jini mwavalayo idadutsa pamenepo. Koma amathera pansi. Sadziwa kuti pamwamba pa mitu yawo pali dziko lina.

Ndidakwera masitepe amdima, mtima uli m'mwamba, ndikukumbukira mawu a achimwene. Nsanjika yoyamba nsapato. Yachiwiri zovala zoyera za akwati, mitanda, matumba a zokometsera zofiira. Kenako fungo lija: khofi wokazinga kumene, kusakanikirana ndi lubani. Padalibe chikwangwani cha Chingerezi. Padali chitseko chotsegula, TV ikuonetsa nyimbo za kwawo, matebulo asanu ndi limodzi, amuna atazungulira mbale imodzi yaikulu ngati lichero. Onse adatembenuka kundiyang'ana, kenako n'kupitiriza kudya.

Menyu padalibe. Mayi wina adabwera, ine n'kuloza mbale ya patebulo loyandikana nalo. Adagwedeza mutu, n'kundilozera kosambira m'manja. Apa ndidayamba kumasuka. Malo amene amayamba ndi kukusambitsa m'manja ndi malo a anthu ngati ife.

Chimene chidabwera ndi injera. Tayerekezani chitumbuwa chopyapyala, chofewa, chotambalala kudzaza thireyi yonse, pamwamba pake timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Amapangira ufa wa kambewu kakang'ono kwambiri kotchedwa teff, kamene amakakanda n'kukasiya masiku angapo kuti kasase, ndiye kamawawasa ngati thobwa logonetsa. Chodabwitsa n'choti alimi a ku South Africa amalimanso teff, koma ambiri amalima ngati udzu wodyetsa mahatchi ndi ng'ombe. Pamwamba pa injerayo adaika timilu ta ndiwo: mphodza zofiira, mphodza zachikasu, kabichi, masamba obiriwira onga chayinizi, ndi phala losalala la ufa wa tchana lotchedwa shiro. Nyama padalibe. Lidali Lachitatu, ndipo Akhristu a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia sadya nyama, mazira kapena mkaka Lachitatu ndi Lachisanu. Mbale yosakaniza chonchi amaitcha beyaynetu. Lowezani dzinali, ndi khomo labwino lolowera kwa woyamba kumene, ndipo silipweteka m'thumba.

Supuni palibe, foloko palibe. Umang'amba injera ndi dzanja lamanja, kutsinira ndiwo, kuponya m'kamwa. Mbale ndi yomweyo, nsima ndi yomweyo. Kutsina koyamba nkhope idakwinyika, chifukwa lilime la ku Ntcheu likamva kuwawasa limati chakudya chasasa, chitaye. Kutsina kwachisanu ndidazindikira kuti kuwawasako ndi kumene kumaziziritsa moto wa berbere, tsabola wawo wosakaniza ndi zokometsera zambiri. Kwachikhumi ndidali nditaiwala zowerenga.

Bambo wina wa patebulo lija adafunsa kumene ndikuchokera. Nditati Malawi, adaika dzanja pachifuwa n'kunena m'Chichewa chomveka bwino, "Zikomo. Muli bwanji?" Ndidatsala pang'ono kutsamwa. Adati adadutsa kwathu zaka zapitazo, wapansi ndi pamathiraki, kuchokera ku Kenya, Tanzania, kulowera ku Karonga, kukhala miyezi ku Dzaleka, kenako kudutsa malire a Mozambique usiku chakumapiri a ku Dedza. Adati mayi wina wa m'mudzi adawapatsa nsima ndi nyemba iye ndi anzake atatha masiku awiri osadya, ndipo sadafunse ndalama.

Ndidakhala chete. Ife a ku Ntcheu anthu amenewa timawadziwa, koma timawadziwira m'nkhani za pawailesi: agwidwa m'nkhalango, apezeka m'galimoto. Mu Marichi 2020, anthu 64 a ku Ethiopia adapezeka atafa m'kontena ya thiraki m'chigawo cha Tete, thirakiyo ikuchokera ku Malawi. Msewu womwewo ndidadutsa ine nditakhala pampando wa basi, ndikudandaula za kutupa kwa miyendo. Sindidaganizepo kuti amene adapulumuka njira imeneyo ali ndi malo awoawo kumene amakhala pansi, kusamba m'manja ndi kuseka.

Bamboyo adang'amba injera, kukulungamo nyama ya m'mbale mwawo, poti iwo sankasala, n'kulozetsa kukamwa kwanga. Ndidabwerera m'mbuyo. Onse adaseka. Mwambowu amautcha gursha: kudyetsa mnzako ndi dzanja lako posonyeza ulemu, ndipo kukana n'kumunyoza. Ine mwamuna wamkulu wandevu, womaliza kudyetsedwa ndi amayi ndili wakhanda, ndidayasamula. Pambuyo pake padabwera khofi wa m'kamtsuko kadothi kakhosi lalitali, m'timakapu topanda zogwirira, pambali mbuliwuli. Ndalama yonse imene ndidalipira tsiku limenelo sidafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a bilu ya kumikondo kuja.

Chimodzi ndidakana, ndipo sindichita nacho manyazi: kitfo, nyama ya ng'ombe yogaya yosaphika, yothira batala ndi tsabola. Iwo amaikonda kwabasi. Ine ndidaganiza za ulendo wa masiku awiri pabasi ndi mimba yosazolowera, ndidati pepani. Kulawa za eni sikutanthauza kusiya nzeru pakhomo.

Kuyambira tsiku limenelo funso langa lidali limodzi, ndipo ndidalifunsa kwa aliyense: mlonda wa pageti, wometa tsitsi, dalaivala wa Bolt, mayi woluka tsitsi. Ukapukwa umakadya kuti? Palibe amene adakwiya nalo. Munthu wokhala m'dziko la eni amafunsidwa za mapepala tsiku ndi tsiku. Za chakudya cha amayi ake safunsidwa.

Ntchito yaikulu idali kukoka achimwene. Kuchokera pamakina awo osokera kufika pa 8th Avenue ku Mayfair ndi mtunda woyenda wapansi, koma pa zaka 7 adali asanalawepo mpunga wa Asomali. Ndidawanyengerera Loweruka ataweruka. Asomali adayamba kuchuluka ku Mayfair m'zaka za m'ma 1990, boma la Siad Barre litagwa mu 1991 n'kuyamba nkhondo kwawo, ndipo adasankha dera limeneli chifukwa mudali kale mizikiti ndi mabutchala a halaal a amwenye. Lero anthu amapatcha Little Mogadishu.

Tidalowa pamalo pamene mnyamata wina wogulitsa mafoni adatilozera. Amuna adali mbali yawo, mabanja ndi amayi mbali ina yotchinga. Adatibweretsera mbale yaikulu ya mpunga wonunkhira, iwo amati bariis, pamwamba nyama ya mbuzi yofewa yochita kuyoyoka pafupa, pambali supu ndi tsabola wobiriwira wogaya. Kenako mnyamata uja adaika nthochi yakupsa pambali pa munthu aliyense.

Achimwene adakankhira nthochi yawo pambali. "Iyi tidya pomaliza."

Mkulu wina wa ndevu zofiira patebulo la pafupi adapukusa mutu, n'kutionetsa: kusenda, kudula ndi zala, kusakaniza ndi mpunga ndi nyama, zonse kamodzi. Achimwene adandinong'oneza, "Iwe, anthu awa ali bwinobwino?" Adayesa ndi nkhope ya munthu womwa mankhwala a malungo. Adatafuna. Sadanene kanthu. Patapita kanthawi ndidangoona akukodola mnyamata uja, chala chimodzi m'mwamba, kupempha nthochi ina.

Pamatebulo ena anthu ankadya supageti ndi nyama yomweyo, nthochi ili pomwepo. Supagetiyo adawasiyira ndi Ataliyana amene adalamulira kumwera kwa Somalia, monga mmene Angerezi adatisiyira tiyi ndi masikono. Tidamalizira tiyi wamkaka wothira jinja, sinamoni ndi cardamom, wotsekemera moti nyerere zikadakutsatira. Potuluka achimwene adaima pakhomo kuyang'ana msewu uku ndi uku, ngati akuuloweza.

Mukafuna kupita ku Mayfair kapena ku Fordsburg, kumbukirani kuti Lachisanu masana malo ambiri amatseka kaye anthu akapita kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan moyo wa chakudya umayamba dzuwa likalowa. Fordsburg yeniyeni imakoma Loweruka madzulo, pamsika wa pa Mint Road, pamene utsi wa nkhuku zootcha za tikka umadzaza msewu ndipo anyamata amafinya nzimbe iwe ukuona. Ndi dera la mbiri. Pamzikiti wa Hamidia chapafupi pomwepo ndi pamene Gandhi ndi amwenye anzake adatentha ziphaso zawo pa 16 Ogasiti 1908. Oriental Plaza, kumene amayi athu a geni amagula nsalu ndi makatani, idamangidwa m'zaka za m'ma 1970 boma la tsankho litathamangitsa amalonda achimwenye ku Pageview. Kenako kudabwera a ku Pakistan ndi Bangladesh, aliyense ndi mphika wake. Ndidadyako biryani kawiri, koma poti amwenye tili nawo ku Limbe ndi ku Area 2, lilime silidadabwe kwambiri.

Alamu atamva za nthochi adati nafenso tisatsale. Lamulungu titaweruka kutchalitchi tidakwera takisi ya ku Yeoville, kumene mayi woluka tsitsi wa ku Congo adawauza. Yeoville ndi Africa yense m'msewu umodzi. Pa Rockey ndi Raleigh umamva Chifalansa, Chilingala, Chiswahili ndi Chingerezi cha ku Nigeria usanayende mamita 100. Mumsika wake muli chinangwa, zilazi, nthochi zophika, nsomba zouma, mafuta ofiira m'mabotolo. Malo amene tidalowa adali kuseri kwa saluni, rumba ikulira, amuna atatchena masuti ngati akupita kuukwati.

Tidaitanitsa nsomba yootcha, nthochi zokazinga, ndi ndiwo zina zobiriwira zimene aliyense ankadya, zotchedwa pondu. Alamu adanunkhiza, kulawa, n'kuwomba m'manja. "Aaa! Ichi n'chigwada ichi!" Chidalidi chigwada, masamba a chinangwa osinja, kungoti m'malo mwa nsinjiro adathira mafuta ofiira a kanjedza, aja a ku Karonga amati mawese, ndi tinsomba touma. Ndipo chimene adatipatsa chodyera, chokulunga m'masamba, cholimba ngati sopo, chotchedwa kwanga, ndi chinangwa choviika. Wa ku Nkhata Bay akadangomva fungo n'kunena kuti uyu ndi msuweni wa kondowole.

Alamu sadathere pomwepo. Adadzuka n'kulunjika kukhitchini. Ine ndi achimwene tidangomva kuseka, wina akulankhula Chichewa, wina Chilingala, manja akugwira ntchito ya womasulira. Adatuluka patapita mphindi 20 ndi chigamulo: "Amaphika bwino, koma amachulutsa mafuta. Ndawauza za nsinjiro." Adatulukanso akudziwa tebulo la mumsika limene limagulitsa chigwada chosinjasinja, chimene adakhala akuchilakalaka zaka zonsezi osadziwa kuti chili pamtunda wa takisi ziwiri.

Sikuti paliponse zidayenda. Ku Cyrildene, pa Derrick Avenue pamene pali zipata zazikulu za Chitchaina, ndidapita ndekha popanda wondilozera, n'kulowa malo odzaza Matchaina okhaokha, zimene zidali bwino, koma ndidaloza chithunzi mwachimbulimbuli. Padabwera mapazi a nkhuku ozizira ndi msuzi wochititsa dzanzi lilime. Zipalapasiro timadya kwathu, koma zamoto. Safunsa adadya phula. Tsabola wa supu ya mbuzi ya anthu a ku Nigeria adandiliza misozi pagulu, ine amene ndimadzitama ndi kambuzi. Ndipo Rosettenville, dera la Apwitikizi ndi a ku Mozambique loyandikana ndi kwa achimwene, kumene Nando's idayambira mu 1987, ndidangodutsamo pa takisi, masiku atatha.

Foni sindikuti muitaye. Ili ndi ntchito yake, bola muziilamula ndinu. Musalembe kuti malo odyera abwino, lembani dzina la chakudya: injera, pondu, bariis, egusi. Musawerenge nyenyezi, werengani maina a olemba ndemanga. Mukaona maina a kwawo kwa chakudyacho, ena atalemba m'Chifalansa kapena m'zilembo za Chiamhariki, ndiye kuti mwayandikira. Onani zithunzi za mbale, osati za makoma, ndipo onani kuti ndemanga yomaliza ndi ya liti, chifukwa malo oterewa amasamuka ngati msika wa kaunjika. Google Translate imawerenga menyu ya Chitchaina mukailozetsa kamera, nzeru imene idandifikira nditadya kale mapazi aja.

Koma njira muiloweze musanatuluke m'nyumba. Pa mfundo iyi achimwene adanena zoona: m'kati mwa tauni foni siyenera kukhala m'manja. Muzipita masana, nthawi ya nkhomaliro pamene miphika ili yotentha ndipo anthu ali pikitipikiti. Chakudya chimene chikutha msanga sichikhala chogona. Pasipoti ikhale m'thumba la m'kati, ndalama zikhale zing'onozing'ono, mtengo mufunsiretu musanadye. Ndipo musalowe ndi kamera m'mwamba ngati mwafika kumalo osungira nyama. Ku Jeppe apolisi amachitako zipikisheni kawirikawiri, ndipo munthu wosadziwika wojambula nkhope za anthu sakondedwa. Jambulani mbale yanu, mutapempha. TikTok idikire.

Usiku wotsiriza ndidapita pakawindo ka zitsulo paja kukatsanzika. Ndidamuuza mnzanga uja zonse, za masitepe, za gursha, za kitfo imene ndidaithawa. Adaseka mpaka kugwira chitsulo. Kenako adandibwezera funso langa lomwe. "Nanga inu Amalawi, mukapukwa mumakadya kuti?"

Ndidatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Adakhala akugulitsa buledi kwa Amalawi zaka zambiri, ankadziwa amene amalipira ngongole ndi amene amazemba, koma palibe adamuitanapo. Ndidaloza kampata kolowera kuseri kwa nyumba. Ndidati pamenepo, chitseko chachiwiri, palibe chikwangwani.

Adabwera 9 koloko atasiyira mng'ono wake shopu, atanyamula botolo la Fanta lalikulu. Alamu adamuthirira madzi m'manja atagwada, iye n'kuchita manyazi. Nsima idamuwotcha zala, adaiponya dzanja ili ndi ili, achimwene akumuphunzitsa kukanda mbamu ndi kuboola pakati ndi chala chachikulu. Usipa adauyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kufunsa ngati timadya ndi mitu yomwe. Tidati ndi maso omwe. Adatseka ake n'kuponya m'kamwa.

Ndili pano pa Sharpevale tsopano, ndabwerera pakhonde langa la sitolo. Sabata yatha alamu adatumiza uthenga wamawu pa WhatsApp. Akuti Loweruka lililonse achimwene sakumabwera ndi njala, ndipo akafunsidwa amangoti adadutsira kwa anzawo. Akutinso ndiwauze mayi kuti pa basi ya mwezi uno atumize nsinjiro zambiri, zina n'za mayi wa ku Yeoville, ndipo usipa ukhale ndowa ziwiri, chifukwa wapagolosale uja walipiriratu yake.